Jekete Imene Sanapite Nayo

Mlongo wanga anakulira m'zovala za mwana wa amalume. Ife tinkakhala ku Chawama, m'zipinda ziwiri za lendi, ine, iye ndi amayi. Amalume, achimwene awo a amayi, ankakhala kumayadi, kunyumba za mipanda ndi agalu. Chaka chikamatha ankabwera ndi thumba la zovala zimene mwana wawo watopa nazo, n'kulitula pakhomo anthu onse oyandikana nafe akuona. Msuweni wathuyo anali wamkulu ndiponso wonenepa, pamene mlongo wanga anali ngati bango. Ndiye tangoganizani kabudula womanga ndi chingwe, malaya ofika m'mawondo. Amayi ankamuuza kuti agwade athokoze. Ankagwada ndithu, koma mano atalumana.

M'thumba lina munatuluka jekete yotuwa, yonyezimira m'zigongono chifukwa cha kutha, ili ndi banga la inki pakolala. Imeneyo ndiye ankadana nayo kuposa zonse. Amayi ankamukakamiza kuivala kutchalitchi, manja ake osaoneka n'komwe, anzake n'kumamukuwiza kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo. Tsiku lina anaiponya padenga la chimbudzi. Amayi anaitsitsa ndi ndodo, anaichapa, n'kuipinda m'sutikesi. Amayi athu sataya kanthu.

Atayamba ganyu yosesa tsitsi pamalo ometera, malipiro ake oyamba anathamanga nawo kusalaula, zovala zakale zapamsika zimene kwawo kwa agogo ku Malawi amati kaunjika. Zimene anabwera nazo, mayo ine! Thalauzi lolowa anthu awiri, lolendewera kumatako, malaya a mpira ofiira ngati tomato, ndi tcheni cha m'khosi chimene chinamusiyira mzere wobiriwira pakhungu. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iye anangondidutsa akuyenda motangadza miyendo kuti thalauzilo lisagwe. Kenako anyamata onse a m'komboni anayamba zothina, iyenso zothina, zoti pokwera minibasi ankachita kukwera cham'mbali. Zaka zimenezo ankangotengera zimene waona pa foni za anzake, analibe maso akeake.

Maso anawapeza atayamba kumeta yekha. Pafupi ndi pamene ankametera panali telala wina wosokera pakhonde, ndipo makasitomala akasowa ankakhala pamenepo kumacheza. Anasiya kulimbirana zimene anyamata anzake ankalimbirana belo ikatsegulidwa. Iye ankadikira phokoso lithe, n'kumatola za madala zimene ena azisiya, mathalauzi a nsalu yolemera ndi malaya opanda zolembalemba. Ankapita nazo kwa telala uja, n'kuima pamenepo mpaka adule mmene iye akufunira. Thalauzi linkathera pamwamba pa kakolo kuti sokosi zioneke. Zovala zonse zinali za mitundu yofatsa, koma sokosi zokha ndiye zolusa, zachikasu, zobiriwira. Nthawi ya mvula, Chawama yonse ili matope, ankamanga mapulasitiki kunsapato mpaka kukafika pa tara, n'kuwavula, n'kumayenda ngati watsika m'galimoto yake.

Ndinkamuseka ndithu. Ndinati, "Iwe, ukunyadira chiyani? Salaula si zovala za anthu enanso? Zasiyana pati ndi za kumayadi?"

Anandiyankha asakusiya kupukuta nsapato, m'chinyanja chake cha m'tauni. "Ba sisi, ivi nasankha neka. Palibe wamene nagwadila."



Jekete yake yeniyeni anaipeza chaka chimene ndinakwatiwa. Inali yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ya nsalu yokhala ndi timizere, koma m'kati mwake munali mong'ambikang'ambika. Anachonderera amayi mpaka anamupatsa chitenje chawo chakale cha maluwa abuluu, chimene anatiberekera tonse awiri, telala n'kuchisokerera m'katimo. Kunja jekete ya bwana, m'kati chitenje cha amayi. Ankamanga batani lapamwamba lokha. Ndikamuuza kuti wamanga mosamaliza ankagwira mutu. "Yapansi sibamanga, ba sisi! Mufuna nioneke monga thumba ya makala?"

Pa ukwati wanga anavala imeneyo, ndipo anthu ankatembenuka kusiya ine mkwatibwi. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi, n'kufunsa mokweza ngati nsalu inathera panjira kwa telala. Mwana wawo uja anaseka mpaka kutsamwa ndi nkhuku. Msuweni yemweyo anati amuna enieni savala ngati zidole za m'sitolo. Mawu amenewo ndinawasunga, ndipo ndikuwasungabe.

Kenako chifuwa chinamugwira. Anayamba kuonda, munthu woonda kale. Ngakhale pamenepo sanalole kuoneka wotayika. Zovala zikayamba kumukulira ankandituma nazo kwa telala kuti akabweze m'chiuno. Kuchipatala ankapita atasita malaya. Tsiku lina masana ndikumumwetsa phala analoza jekete ija, ili pa hang'ala kukhoma, yokutidwa ndi pulasitiki.

"Ba sisi, nikafa munivalike iyo. Na sokosi ya yelo. Osanivalika va banthu, napapata, chonde."

Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zopusa. Koma ndinalonjeza.

Anamwalira m'mawa wina mwezi wa Juni, kukuzizira. Maliro anali kwa amayi, ife akazi m'nyumba pansi, amuna panja pamoto. Amalume anafika ndi galimoto, n'kutenga zonse m'manja mwawo monga mwini mbumba. Tsiku loika, magetsi kunalibe, ndiye ndinakoleza makala m'simbi. Ndinasita malaya oyera, thalauzi, ndi jekete ija, poyala kansalu konyowa pamwamba monga ankachitira mwini wake. Ndinaika zonse m'chikwama pamodzi ndi sokosi zachikasu.

Kwathu mwamuna amasambitsidwa ndi kuvekedwa ndi amuna anzake. Mlongo wake salowako kumotchale, ngakhale akhale amene ankamusambitsa akudwala, ngakhale akhale amene ankamutayira zonyansa. Ine ndinachita zonsezo, koma pa tsiku limeneli ndinali mkazi basi. Ndinagwada pamaso pa amalume, n'kupereka chikwama ndi manja awiri. Ndinati, "Amalume, izi ndi zimene ananena yekha kuti avale." Anati, "Tamva, mwanawe." Anatsegula zipi pang'ono, n'kusisita nsalu ya jeketeyo ndi chala. Ndinaona, koma mutu wanga unali ndi zambiri.

Kutchalitchi anatsegula bokosi mbali ya kumutu kuti tione nkhope. Tinandanda pamzera, kwaya ikuimba. Nditafika, nkhope sindinaiyang'ane n'komwe. Maso anga anagwera pakolala. Yotuwa. Banga la inki lili pompaja.

Ndinakuwa. Ndinati mwamuveka chiyani, muvuleni, si zake izi! Ndinagwira bokosi kufuna kulitsegula lonse. Azimayi a chigwirizano anandigwira m'manja ndi m'chiuno, akuti limbani mtima amayi, ndi njira ya tonse. Ankayesa ndi chisoni chabe. Kwaya inakweza nyimbo kuti mawu anga asamveke, ndipo anandinyamula kupita nane panja ngati mwana wovuta. Pamene ankandimwetsa madzi kuseri kwa tchalitchi, ndinamva akukhoma chivundikiro. Tinakamuika kumanda a ku Chingwere atavala choncho.

Madzulo ake ndinawapanikiza amayi kuchipinda. Sanandiyang'ane. Anati amalume anawaitanira pambali m'mawa, n'kunena kuti jekete yabwino chonchi kukaiwoletsa m'dothi n'kuwononga, kodi palibe ina yakale? Amayi anatsegula sutikesi. Anati inamukwana bwinobwino, poti anali ataonda. "Ndikanatani ine? Bokosi agula ndi iwo, galimoto ndi yawo." Ndinawauza kuti mwana wawo wagwadanso, ulendo uno mpaka kalekale. Analira. Sindinawatonthoze, ndipo sindinama kuti ndinamva chisoni.

M'mawa mwake, monga mwa mwambo, zovala za malemu anaziunjika pamphasa kuti abale agawane. Anthu omwe aja ankamuseka anali kalikiliki kuyesa mathalauzi m'chiuno, wina akudandaula kuti n'lalifupi. Jekete panalibe. Nditafunsa, amalume anati nkhani za zovala pamaliro n'zochititsa manyazi, ndikhale chete. Ine anandiponyera sokosi zachikasu zija, zili zopindidwa mmene ndinazipindira. Ndiye kuti ngakhale sokosi sanamuveke.

Chaka chisanathe kunali chinkhoswe cha wachibale ku Matero. Ndinapita chifukwa amayi anandichonderera. Ndikutsika minibasi, ndinaiona jekete ija patsogolo panga ikulowa pageti. Ndinaidziwira kumsana. Msoko wapakati unali utaphulika, ndipo maluwa abuluu a chitenje cha amayi ankasuzumira panja.

Msuweni wanga anatembenuka, thukuta lili kamukamu, manja a jekete akuthera pakati pa mkono. Anali atamanga mabatani onse, mimba ikuchita kufuna kuwadula. Anandithamangira ndi chimwemwe chenicheni, wopanda ndi manyazi omwe.

"Sisi! Waiona? Nimavala kuti nizimukumbukila mufana wathu. Uja anali na sitayelo, iwe. Yanikhala bwanji?"

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasungira tsiku limeneli, ena otukwana ndithu. Koma ndinangoona dzanja langa likupita pamimba pake, n'kumasula batani lapansi.

"Lapansi samanga," ndinatero.

Anapuma mpweya wautali, n'kuseka, akuti zikomo sisi, yenze yanithina. Analowa m'kati kukavina. Ine ndinabwerera pa siteji osalonjera munthu. Iye jekete ikamutopetsa adzaivula, adzagula ina. Mlongo wanga ku Chingwere wavala yotuwa ija, ndipo kumeneko kulibe telala.