Pakamwa pa Anti Tiyeni

Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Pachipatala, pasiteji ya basi, ngakhale kwa ometa, onse amangoti Anti Tiyeni, chifukwa nyimbo yake ndi imodzimodzi: "Tiyeni mukamve kaye, kukana mukakanira konko."

Ntchito yake ndi yosaka achinyamata oti alowe m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a mphumu. Madokotala anamuuza kuti asamangobweretsa ana a kukoleji okhaokha, poti odzamwa mankhwalawo adzakhala anthu osiyanasiyana. Ndiye mayiyu amayenda, abale inu! Kwa otsuka magalimoto wafika, kwa atsikana a m'saluni wafika, mpaka anaphunzira kulankhula ndi manja kuti azimvana ndi anyamata osamva a kushopu ya mipando. Nsapato zake zonse zinadyeka chidendene mbali imodzi.

Koma ntchitoyi inamudyera anzake. Akapereka moni, anthu amayamba ayang'ana chikwama chake asanayankhe. Kuukwati, mpando wa pambali pake umakhala wopanda munthu. "Ameneyo akakusekerera, dziwa kuti akufuna magazi ako," amatero akapotoloka. Amakhala yekha m'chipinda cha lendi kuseri kwa golosale, ndipo wailesi ikalankhula amaiyankha. Munthu mmodzi yekha ndiye anali atatsala naye: mng'ono wake, telala, amene Lamulungu lililonse ankabwera kudzamuluka tsitsi uku akumuseka kuti imvi zamuthera mutu.

Tsiku lina mwana wa mng'ono wakeyo anatulukira kuofesi, wosaitanidwa. Ndi mtsikana wamkulu ndithu, wogulitsa mafoni, amene mphumu yamuzunza chibadwire.

"Mayi aakulu, ndabwera kudzalowa nawo. Koma amayi asamve, chonde. Mukuwadziwa, anena kuti ndasanduka khoswe woyeserapo mankhwala."

Anti Tiyeni sanamulembe yekha. Anamupereka kwa nesi wina, poti wachibale sumulowetsa wekha. Ndipo lamulo la ntchitoyi silikhota: wolowa m'kafukufuku satchulidwa kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mayi womubala.

Lamulungu lina mng'ono wake anabwera monga mwa masiku onse, koma za imvi sanatchule. Chipeso chinkakoka mopweteka. Atafika pakati pa mutu, anaima.

"Asisi, mwana wanga ali ndi kapulasitala pamkono, ndipo anthu amuona pageti la kuntchito kwanu. Ali kwanu kodi?"

"Za amene ali kwathu sindinena, mng'ono wanga. Za amene kulibe sindinenanso."

"Sindikufunsa a kafukufuku ine. Ndikufunsa inu, amene tinayamwa bere limodzi."

"Ukamufunse mwini wake. Ndi wamkulu."

"Ndamufunsa, akungondizemba. Inu mungoti ee kapena ayi, basi."

Kamawu kamodzi kokha, koma ha! Kunena ayi kukanakhala kumunamiza m'bale wake m'maso muli gwa. Kunena ee kukanakhala kugulitsa mwana amene anamudalira, ndipo mawa akanayang'ana bwanji ana ena onse aja amene anawalonjeza kuti zawo sizituluka? Anangoti chete, maso pansi. Zinamuwawa zedi, chifukwa ankadziwa chimene akutaya.

Mng'ono wake anaika chipeso patebulo pang'onopang'ono, nanyamula kachikwama kake.

"Ana a eni mwawamaliza, tsopano mwalowa m'nyumba," anatero. Chitseko sanamenyetse. Bola akanamenyetsa.

Anti Tiyeni anatsala pampando, mutu theka wolukidwa, theka uli nyankhalala. Anaima pagalasi kuti amalize yekha, koma mizere inkakhota, mikono n'kulema asanafike kunkhongo. Lolemba anamanga duku n'kupita kuntchito. Pakhonde anakumana ndi mtsikana uja akutuluka kwa nesi, akupuma bwinobwino, namupatsa moni ngati mwana wa munthu wina aliyense.

Dukulo akumangabe mpaka lero.