Mwana amene sanatuluke m'chikuta

Lachiwiri ndinali ku Khuyu, pachilumba chathu chino, kwa achemwali anga, a Monika. Tikusenda chinangwa pakhonde, panafika mtsikana wa kafukufuku wa chiwerengero cha anthu, waulemu wake, nakhala pamphasa.

"Amama, mwabereka ana angati?"

"Asanu ndi mmodzi," anatero achemwali, mpeni uli m'manja. "Awiri ali ku Mzuzu, wina ku Joni, wina anakwatiwa ku Kobwe. Awiri ndi awa akundithera ufawa."

Tinaseka. Koma mtsikana uja anatsitsa mawu. "Nanga alipo amene anabadwa wamoyo, analira kapena kupuma, koma sanakhalitse?"

Achemwali anasiya kusenda.

Ine ndinakwiya, sindibisa. Ndi funso lofunsa munthu wamkulu limenelo, dzuwa likuswa mtengo? Mukudziwa inu kuti kwathu kuno khanda likatisiya lisanatuluke m'chikuta sitinena kuti lamwalira, timati labwerera. Amakaliika amayi okhaokha, mwakachetechete. Mwini mwana amauzidwa kuti asalire mokweza, angatseke njira ya ana ena.

Mtsikanayo anapepesa, koma funso sanalibweze. Anati akatswiri a chiwerengero akafuna kudziwa ana amene mayi mmodzi amabereka pa moyo wake, amawerenga aliyense wobadwa wamoyo, potsata zaka za amayi ake. Wina akabisika, obadwa amaoneka ochepa, makanda omwalira nawonso amaoneka ochepa, ndiye okonza za zipatala amayesa kuti zonse zili bwino.

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, panatsala chisoni. Timakonda kuseka amayi athu kuti ankabereka ngati alibe ntchito ina. Kodi tinawafunsapo kuti anaika angati? Akatswiri omwewo amati kumene makanda amafa kawirikawiri, anthu amabereka ambiri poopa kutsala chimanjamanja. Ana akayamba kukhala moyo, atsikana n'kukhalitsa pasukulu, njira zolerera n'kupezeka pafupi, mabanja amayamba kuchepa okha. Pachilumba pano onjezanipo achinyamata amene amakwera sitima osabwerera.

Koma mwana wosalira amafera mumbereko. Imfa imene sitiitchula, adzathana nayo ndani?

Achemwali anaika mpeni pansi.

"Lemba asanu ndi awiri, mwanawe," anatero. "Woyamba anali wamwamuna. Anayamwa ndithu. Mumtima mwangamu ndinali nditamutcha kale Barnaba, koma sindinauze munthu, ngakhale bambo ake."

Ine, mng'ono wawo wa bere limodzi, tsitsi langa layamba kuyera ndisakudziwa kuti kwathu kunabadwa Barnaba. Nthawi imeneyo ndinali wamng'ono, ndipo anangondiuza kuti achemwali akudwala malungo.

Mtsikana uja atatsazika, achemwali analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinawamva akulira mokweza, mayi woti anasiya kale kubereka, wopanda njira yoopa kutseka.

Anthu akutali amene sadzafika ku Khuyu amuwerenga mwanayo tsopano. Nanga inu, amayi anu mumati anabereka angati?