Dzanja Lamanzere la Ambuye

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, amene ankasambitsa Ambuye m'mudzi mwathu, kuno ku mapiri a Sardinia, anali mayi Gavina Piredda. Ambuye ake ndi aja osema pa mtengo, a mikono yopindika m'mapewa, amene timawakhomera pa mtanda Lachisanu Loyera, kenaka amuna awiri n'kukwera makwerero, kuzula misomali ndi kuwatsitsa anthu akulira. Mayina a amunawo amalembedwa pa pepala la mwambo. La Gavina silinalembedwepo, koma ndiwo ankachotsa fumbi m'mabala ndi nthenga ya tsekwe, kupaka phula m'zikhatho, kuchapa bafuta ndi kusita mikanjo yonse ya abale a gulu la Mtanda Woyera. Ntchitoyi anailandira kwa apongozi awo pamodzi ndi kiyi wa kabati yogonamo Ambuye.

Lenti ya chaka chatha, a Efisio Marongiu, dokotala amene anapuma pa ntchito ku Cagliari n'kubwerera kumudzi, anapempha kuyankhula mu holo ya parishi. Gavina analipo chifukwa ndiwo anayala mipando.

Adokotala anabwera ndi zithunzi za mafupa. Anati munthu wopachikidwa chimamumaliza ndi kubanika. Thupi likalendewera chifuwa chimakokeka, mpweya umalowa koma umakanika kutuluka. Kuti apume, ayenera kudzikankhira m'mwamba ndi mapazi okhomedwawo, kutsika, kukankhanso, mpaka mphamvu zitatheratu.

Gavina anaweramitsa mutu. Zimenezi ankazidziwa. Amuna awo, malemu Antioco, anachoka ku mgodi ndi fumbi m'mapapo, ndipo kwa zaka zinayi Gavina ankawagwira m'khwapa n'kuwakhazika tsonga kuti apeze mpweya. Sanaganizepo kuti Mwana wa Mulungu nayenso anaufunafuna mpweya chomwecho, popanda womudzutsa. Misozi inalengeza m'maso. Adokotala akanathera pamenepo, Gavina akanawatumizira tchizi chabwino kunyumba.

Koma adokotala anapitiriza. "Tsono Ambuye athu m'tchalitchimu anawalakwitsa. Msomali wa m'chikhatho sungasenze munthu, mnofu ungang'ambike. Aroma ankakhoma apa." Anagwira pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono wawo. "Tiboole pamenepa, anthu aone zoona."

Amuna anawomba m'manja. Wowomba kwambiri anali Bachisio, mkulu wa gulu, mng'ono wa malemu Antioco. Gavina anamudikira pakhomo.

"Alamu, musayerekeze. Pa mfundo pamenepo mtengo unafumbwa kalekale. Ndikamapukuta pamatuluka ufa."

"Ee, mlamu, udokotala mwauyamba liti? Munthu uja wang'amba anthu zaka makumi anayi."

"Anthu, osati matabwa. Inuyo Ambuye aja mumawagwira kamodzi pachaka, mutavalanso magolovesi."

"Pakamwa pamenepa! Achimwene anapirira ndithu."

M'mawa mwake Gavina anapita kwa Bambo Gesuino, wansembe wa midzi inayi, amene anawamvera uku akusaka kiyi wa galimoto.

"Mayi, chikhulupiriro sichiopa sayansi."

"Sindikunena za chikhulupiriro, Abambo. Ndikunena za tizilombo."

"Kakambiraneni ku gulu."

Ku gulu akazi amalowako pokapereka khofi basi. Choncho Gavina anawalondola adokotala eni ake pa bwalo la tchalitchi pamene ankawerenga nyuzipepala.

"Zonse munanena zija ndi zoona, Adokotala, ndinaziona ndi maso angawa. Koma awa salemera ngati munthu. Ndimawanyamula ndekha. Zikhatho zomwezo zawasenza zaka mazana awiri."

"Nkhani si kulemera, mayi," anayankha mwaulemu kwambiri. "Nkhani ndi choonadi."

Lachitatu la Sabata Loyera m'mawa amuna anayi, pakati pawo Bachisio ndi adokotala, anabwera ndi choboolera chamagetsi. Gavina anali ataganiza zobisa kiyi, koma ankamudziwa Bachisio, akanathyola kabati. Anatsekula okha, n'kuwagoneka Ambuye pa tebulo, ataika pilo kumutu.

Dzanja lamanja linabooka bwinobwino, ngakhale ufa unayoyokera pansi. Bachisio anawatsinzinira diso. Lamanzere, choboolera chitangolowa pang'ono, panamveka kuti tswa, ngati buledi wouma. Dzanja linagwa pa simenti, chala chachikulu n'kuthothoka, kugubuduka mpaka pansi pa benchi.

Adokotala analitola dzanjalo, kuvala magalasi, n'kusuzumira.

"Aa, mkati monsemu ndi mphako," anatero, ngati atulukira chachilendo.

Kenaka onse anayi anatembenuka. Bachisio anakanda m'khosi. "Mlamu… pofika Lachisanu zingatheke?"

Gavina anafuna kuwasiyira kiyi pa tebulo n'kumapita. Koma sanachoke. Analanda dzanjalo kwa adokotala, n'kugwada kukafufuza chala.

Lachinayi lonse anakhala m'chipinda chovalira ansembe. Anasongola kamtengo ka azitona kolumikizira, anapaka guluu, anakulunga timizere ta bafuta, anasakaniza utoto mpaka unafanana ndi khungu lakale. Misa ya tsikulo anaimvera kuseri kwa chitseko. Koma dzanjalo silikanalolanso msomali, m'chikhatho kapena pa mfundo.

Choncho Lachisanu Loyera, koyamba chimangidwire tchalitchi, Ambuye anamangidwa pa mtanda ndi nsalu. Amuna okwera makwerero analibe chozula, anangomasula mfundo. Amayi okalamba ankanong'onezana. Panja, adokotala ankafotokozera alendo kuti Aroma ankamanganso anthu ndi zingwe, ndipo alendowo ankagwedeza mitu mokhutira. Bambo Gesuino anathokoza adokotala chifukwa chotsekula anthu maso, ndi gulu chifukwa cha khama.

Abale anawanyamula Ambuye pa machira kuzungulira mudzi, akuyenda modzandira pa miyala. Atabwerera, Gavina anavundukula nsalu. Dzanja linali likadalipo, likugwedera. Chala chachikulu panalibe.

Loweruka m'mawa anayenda njira yonse ija atawerama, kuyambira pa masitepe a tchalitchi, akutokosa m'mipata ya miyala ndi kamtengo. Pafupi ndi chigayo chakale, mayi Pasqualina anasuzumira pa zenera.

"Asisi, mwataya chiyani?"

"Chala cha Ambuye."

"Inu ndiye simudzatha," anaseka, n'kutseka zenera.

Gavina anafika kumapeto kwa msewu, anawongola msana, n'kuyambanso mbali inayo.