Nthenga ya Amalume

Amalume anga ankaweta njuchi kumtunda kwa phiri, komwe mphepo imaluma makutu. Anakhala nazo zaka makumi atatu, ming'oma khumi ndi iwiri. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma maapozi akayamba maluwa ankatsika n'kuyenda munda ndi munda ndi pempho limodzi: musapopere mankhwala maluwa ali pamtengo, ndipo mukakakamizika dikirani dzuwa lipendeke, njuchi zibwerere kaye. Anthu anawatcha Adikirani, n'kumaseka.

Woseka kwambiri anali mlamu wawo, mwini munda waukulu wa kumunsi kwa ming'oma. Bambo ameneyu atagula sipuleya yapamsana yopopera mankhwala ankayenda ngati wagula galimoto.

"Alamu, njuchi zanuzo sizidziwa malire? Muziuze zizidya kwanu," ankatero kwa amalume.

M'mawa wina, mitengo ili mbee ndi maluwa, anapopera munda wonse chifukwa cha nsabwe zomwe anaziona pa mitengo itatu yokha. Mawa lake ndinakwera phiri ndi amalume. Pakhomo pa mng'oma uliwonse panali mulu wa njuchi, zina zikuphiriphithabe. Za m'tchire zokhala m'mapanga nazonso zinali ziii, ngakhale gulugufe mmodzi sitinamuone. Amalume anawola njuchi zawo ndi manja mpaka ndowa kudzaza. Ine ndinkafuna kukakhuthula ndowayo pabedi pa mwini sipuleya, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti anandiletsa.

Chaka chotsatira maluwa anabwera monga kale, n'kuyoyoka osasiya kanthu. Mlamu uja ananamizira mvula, ananamizira feteleza, mpaka ananamizira anthu a kaduka, koma sipuleya yake sanaitchule. Maluwa atabweranso chaka chinacho, bambo uja anakwera phiri ali wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Alamu, akuti vuto ndi njuchi. Mundibwerekeko ming'oma iwiri, ndikaike m'munda."

Amalume anatsegula mng'oma womwe unali pafupi. Munali akangaude ndi zisa zouma. Kenako analowa m'kanyumba kosungiramo zipangizo, n'kutuluka ndi nthenga ya nkhuku.

"Tengani. Mukhudze duwa la mtengo uwu, kenako la mtengo winawo, mungu usamuke. Duwa lililonse, lisanayoyoke."

Bambo uja anayang'ana nthenga, n'kuyang'ana munda wake kumunsi.

"Mitengo mazana awiri, alamu?"

"Njuchi zanga sizinkawerenga," anatero amalume, n'kutseka mng'oma wopanda kanthu uja.