Beseni la Malemu Amayi

Chinkhwe chathu chinabwera pakhomo ine ndili ku pulayimale. Bambo ankaphika kunyumba kwa bwana wina wa ku esiteti ya tiyi, ndiye bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira mbalameyo pamodzi ndi khola lake lawaya. Chinali chotuwa, cha mchira wofiira, ndipo chinabwera chikulankhula Chingerezi chokhachokha. Pasanathe zaka ziwiri Chingerezicho chinatheratu. M'malo mwake chinatola kutsokomola kwa bambo, belu la njinga zodutsa pamsewu wa ku Chinakanaka, kutetera kwa nkhuku, ndi mawu a amayi. Ndikanadziwira pomwepo kuti chinkhwe chimataya chimene sichikuchimvanso, koma ndinali mwana, ndinkangoseka.

Amayi anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Chakudya chikapsa, ankatenga beseni lawo lachitsulo, loyera, la mkombero wabuluu, n'kuthiramo madzi ndi kapu, kenako n'kugogoda kapuyo kawiri pamkombero kuti madontho athere momwemo. Akatero ankaitana kuti, "Abambo ake, bwerani mudzasambe m'manja." Chinkhwe chinafika powalanda ntchitoyo. Kapu ikangogunda kawiri, icho chinkaitana amayi asanatsegule n'komwe pakamwa, mawu ake enieni a amayi, ndi katchulidwe kawo ka Chilomwe komwe. Amayi ankati, "Mkazi mnzanga wayamba," bambo n'kumabwera akuseka.

Bambo anayamba kuiwalaiwala amayi akali moyo. Ankasokoneza mayina a zidzukulu, ankavala jekete kuti akupita kuntchito imene anasiya kalekale. Amayi ankadziwa kuwabweza mwaulemu, moti ife ana sitinaone kukula kwa vutolo. Kenako amayi anadwala sabata imodzi yokha m'nyengo ya mvula, n'kutisiya. Ine ndine woyamba kubadwa, azing'ono anga ali kutali ndi mabanja awo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinanyamula zovala zanga n'kubwerera m'nyumba imene ndinakuliramo.

Maliro atatha, achibale a kuchikazi anagawana katundu wa malemu monga mwa mwambo. Zitenje, mapoto, mphasa, zonse zinapeza eni ake. Beseni lija linagwera amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi amene amakhala ku Milange. Ndinawasenzetsa ndine, ndi manja angawa. M'mawa mwake ndinakagula la pulasitiki pamsika, lobiriwira, n'kumadziona ngati ndachita zanzeru.

Bambo anasiya kudya. Sankakana mwaukali ayi. Ndikawaikira mbale pakhonde ankangoiyang'ana n'kunena kuti, "Ndikudikira andiitane." Ulendo woyamba ndinawauza zoona, kuti amayi tinawaika m'manda. Analira ngati akumva kumene. M'mawa mwake anafunsa ngati amayi apita kudimba. Ndinawauzanso, analiranso chimodzimodzi. Kachitatu ndinalephera, chifukwa ndinaona kuti ndikuwaphera mkazi wawo tsiku lililonse.

Ndinayesa zonse zimene ankazikonda. Nyemba za kalongonda ndinaziphika tsiku lathunthu, ndikutaya madzi ndi kuthira ena monga amachitira amayi. Nandolo wa makaka, chinangwa chouma chija, nthochi zowotcha, phala la mtedza. Ankamwa tiyi pang'ono, mwina kuluma kambatata ndikawakakamiza, basi. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi n'kundiuza kuti ndiziwanyengerera. Lamba wawo ndinamuboola kawiri ndi msomali. Pomawasambitsa ndinkatha kuwerenga nthiti, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Ine ndili ndi mtima wapachala, aliyense kwathu akudziwa. Kunyengerera kunanditha. Tsiku lina ndinamenyetsa mbale pampando n'kukuwa kuti, "Idyani! Mukufuna mundiphe?" Sindinanene kamodzi. Ndinanena masana, ndinanena madzulo, sabata yonse. Lamulungu lotsatira, amayi a mvano atabwera kudzatipepesa, tili chete pakhonde, chinkhwe chinakuwa m'khola mwake ndi mawu anga enieni, "Idyani! Mukufuna mundiphe?" Azimayi aja anangoweramitsa mitu. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawaiwale mpaka lero.

Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti chiikireni maliro, mbalameyo inali isanaitanepo ndi mawu a amayi. Ndinayesa kuwatsanzira ndekha nditabisala kuseri kwa chitseko. Bambo anati, "Ndani akusewera pamenepo?" Ndinakhala pafupi ndi khola ndi mtedza m'manja, ndikubwereza kuti abambo ake, abambo ake, ngati wopenga. Chinkhwe chinkalandira mtedzawo, kuusenda bwinobwino ndi mlomo, kundiyang'ana ndi diso limodzi, n'kundiuza kuti idyani. Tsiku lina ndinatsegula khola n'kuchiuza kuti chiuluke chizipita kuphiri, ndisanachipotokole khosi. Chinatuluka, n'kukakhala paphewa pa bambo.

Mmene ndinadziwira zinangochitika zokha. Ndinkatsuka poto kuseri, ndipo nditathira madzi mupoto wopanda kanthu, chinkhwe chinasiya kudzikanda. Chinapendeketsa mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Abambo..." n'kulekera pomwepo. Anali mawu a amayi. Bambo pakhonde anadzutsa mutu.

Ndinasonkhanitsa chilichonse chachitsulo m'nyumbamo, ndowa, chitini, chiwaya, n'kumathira madzi ndi kugogoda kawiri. Ndinabwereka beseni kwa oyandikana nawo, ndinabwerekanso kwina. Chinkhwe chinkamvetsera ndithu, mutu uli pambali, kenako n'kutembenuka kumakadzikanda. Sichinali kunamizika. Chinkafuna kulira kwa beseni lomwe lija, ndipo mawu a amayi anali atayamba kale kuchithawa monga chinachitira Chingerezi.

M'bandakucha ndinasiya bambo ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, n'kukwera minibasi ya ku Muloza. Pachipata cha m'malire a dziko ndinakwera kabaza mpaka ku Milange. Amayi aang'ono ndinawapeza pabwalo akuyanika chinangwa, ndipo beseni lija linali pambali pawo, lodzaza makaka. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za lamba, za nthiti, za chinkhwe.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe mwanawe, katundu wa malemu akatuluka m'nyumba sabwereranso. Ukufuna anthu azinena kuti chiyani? Kuti tikumuitana mkulu wanga kumanda ndi mbalame?"

"Mayi, anene zimene anganene. Bambo akufa."

"Alamu akalamba. Ukalamba ulibe mankhwala."

Mtima wanga wapachala uja unadzukanso. Ndinkafuna kuwafunsa ngati makaka awo ndi ofunika kuposa munthu. Koma ndinakumbukira kuti pakamwa pomwepa ndi pamene chinkhwe chinatola zija, ndiye ndinatseka. Ndinangogwira mapazi awo n'kuyamba kulira, kulira konyansa kotuluka ndi mamina, pabwalo pa eni ake.

Kenako amayi aang'ono anakhuthulira makaka aja pamphasa, n'kuika beseni chafufumimba pafupi ndi bondo langa. Anatenga ndowa n'kunena akuyang'ana kumbali, "Ine ndikupita kumjigo. Kuno kuli akuba ambiri masiku ano. Chikasowa chinthu, ine sindinapereke kwa munthu."

Ndinaliba beseni la amayi anga. Ndinalikulunga m'chitenje n'kulikumbatira njira yonse, pakabaza ndi muminibasi, kuopa kuti lingagundike n'kusintha kalilidwe.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Bambo anali pakhonde pomwe ndinawasiya, mbale ya phala ili pambali, ntchentche zikuchita phwando. Ndinaphika msangamsanga, n'kuika chakudya patebulo. Kenako ndinaima kuseri kwa chitseko, pamalo pamene ankaima amayi, n'kuthira madzi m'beseni. Ndinagogoda kapu kawiri.

Ndinapemphera mumtima kwa Mulungu, ndipo ndisaname, ndinapempheranso kwa mbalame.

"Abambo ake, bwerani mudzasambe m'manja."

Ndinaluma chitenje kuti kulira kwanga kusamveke. Ndinamva mpando ukukhwekhwereka, kenako mapazi akukhwekhwereza pang'onopang'ono. Ndinakankhira beseni poonekera n'kubwerera kuseri. Bambo anasamba m'manja, chala ndi chala monga ankachitira kale, n'kukhala pansi. Ndinkawaonera pampata wa chitseko. Anadya. Anadya pang'onopang'ono, koma anamaliza theka lonse la mbale, theka linalo n'kulivindikira bwinobwino kuti atsalire amayi.

Atasambanso m'manja anayang'ana kuchitseko kumene ndinabisala. Nkhope yawo inali itamasuka, ndinali ndisanaione choncho chichitikireni maliro. Ndinatsala pang'ono kutuluka kuti ndikawagwire dzanja.

"Amayi ake," anatero, "mwaphika bwino. Koma mtsikana wantchito uja, wolalata uja, mumuuze azipita kwawo. Amandiopsa."

Ndinaima pomwepo, kapu ili m'manja. Sindinatuluke. Ndinadikira mpaka atabwerera pakhonde, ndiye ndinakatola mbale.

Anakhala nafe chaka china ndi miyezi ingapo, ndipo lamba uja anabwerera pabowo lake lakale. Nthawi yonseyo, kawiri pa tsiku, ndinkathira madzi, kugogoda kawiri, n'kubisala kuseri kwa chitseko mpaka bambo anga atamaliza kudya.