Purosesa ija ndayika, Yami

Yami mng'ono wanga, lero patha chaka chitisiyire. Ndakumbuka tsiku lija unafika kunyumba ku Kawale ndi khadi yatsopano ya magirafiki, yothandiza zithunzi za mu kompyuta, chimwemwe chodzaza tsaya. Titaiyika mu kompyuta yako, gemu ya mpira inkadukadukabe, osewera akuyenda ngati akutsimphina. Ndinati, "Akupusitsa, aise." Iwe unangoseka. "Ayi achimwene, khadi ili bhobho. Purosesa yathuyi, ubongo wa kompyutawu, ndi yakale, ikuchedwa kuipatsira ntchito. Tikadzasintha mudzaona."

Purosesa ija ndagula, ndayika m'mawa uno, ndipo gemu ikuyenda myaa, osadukanso. Amayi atamva phokoso lake anasiya zochapa panja n'kuthamangira kuchipinda chako, manja ali thovu lokhalokha. Anapeza kuti ndi ine. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anabwerera ku zochapa zawo.