Chiwanga ndi Chuanga mu Komputadori Yathu

Ndinagwira ntchito zaka zingapo m'kachipinda ka bungwe lina laling'ono ku Metangula. Tinkasunga mapepala a mabanja amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha: makhadi a kumsasa wa othawa nkhondo, masedula a kubadwa kwa ana, makalata a minda. Chiswe chitayamba kuwadya, tinawajambula onse n'kuwaika mu komputadori. Munthu akabwera kudzafuna pepala lake, ine ndinkalemba dzina kuti makinawo alipeze.

Koma makinawo ankachedwa koopsa. Ndikalemba dzina, kachizindikiro kankangozungulira pagalasi, ine n'kumacheza ndi mwini pepala za mvula ndi chinangwa pobisa manyazi. Wina ankapita kumzikiti kukaswali n'kubwerako, kadakazungulirabe. Mapeto ake makinawo ankati palibe chapezeka.

Amene ankandimvetsa chisoni kwambiri anali bambo ena a ku Maniamba. Mwana wawo wamkazi ankafuna kukaphunzira unamwino, koma sedula yake inapsa ndi nyumba. Mwanayo anabadwira ku Chiwanga banjalo litangobwerera, ndipo bambowo ankakumbukira bwino kuti bungwe lathu linajambula pepalalo. Anatsika kawiri pa chapa, kaminibasi ka kwathu kuno, kawiri konse ndinawabweza chimanjamanja. Sanandikalipire. Anangoti adzayesanso akakolola.

Mwezi wotsatira bungwe linatitumizira amayi ena a ku Lichinga odziwa za makina. Ndinawalandira mtima uli m'mwamba, poganiza kuti akanena kuti wolephera ndine. Iwo anakoka mpando n'kukhala pambali panga m'mawa wonse, kumangoona mmene ndikugwirira ntchito. Kenako anandifotokozera kuti makinawo analibe mndandanda wa zimene akusunga, choncho ndikafunsa dzina limodzi ankawerenga tsamba lililonse kuyambira loyamba. Anawakonza kuti adzipangire mndandandawo. Zinatenga masiku awiri chifukwa magetsi ankathimathima. Anachotsanso mapepala amene tinawajambula kawiri kapena katatu, ndipo anandiphunzitsa kuyamba ndasankha mudzi ndi chaka ndisanalembe dzina.

Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndilembe Chiwanga. Mapepala anatuluka ndisanachotse chala. Ndinaseka ndekha. Iwo anati ndilembenso mudzi womwewo mwa Chipwitikizi, Chuanga. Anatuluka mapepala ena, osiyana ndi oyamba aja.

“Kufulumira ndawaphunzitsa,” anatero amayiwo. “Koma kuti uwu ndi mudzi umodzi, makinawa sadziwa. Odziwa ndinu.”

Ndi mmene ndinazindikirira chimene chinkabisa anthu athu. Alembi a kumsasa ankalemba mayina mwa Chimalawi, a kuno mwa Chipwitikizi, ndipo munthu mmodzi ankasanduka anthu awiri kapena atatu. Amayiwo anandionetsa pamene ndingawauzire makinawo kuti malembedwe awa ndi awa ndi dzina limodzi. Ndinagula kope n'kuyamba kulembamo. Mayina amene ankandisokoneza ndinkakafunsa azakhali anga ku Nkholongue, amene ankadziwa mabanja a m'mbali mwa nyanja ndi mayina awo akale.

Pepala la bambo a ku Maniamba ndinalipeza mlungu wachiwiri. Mlembi anaika U pamene iwo amaika W, ndi C pamene amaika K. Ndinatumiza uthenga kudzera mwa mayi wina wogulitsa usipa amene ankakwera kumtundako. Bambowo anabwera ndi mwana wawoyo. Mtsikanayo anatenga pepalalo n'kuliwerenga chamumtima, ndipo atafika pa dzina la malemu amayi ake anabwereza mokweza. Bambowo anatuluka panja kanthawi. Chaka chomwecho mtsikanayo analembetsa sukulu ya unamwino ija.

Amayi a ku Lichinga sindinaonanenso nawo. Pochoka ndinawapatsa kathumba ka usipa, iwo n'kulandira akudandaula kuti anzawo a mu chapa awada ndi fungo. Patapita miyezi ndinawaimbira foni kuti ndiwathokoze ndi kuwauza za mtsikana uja. Anali pa ntchito ina, phokoso lili ponseponse. Anati akondwa, kenako anandifunsa ngati ndinkakopera zonse pa chosungira china monga anandilangizira, kuopa kuti makinawo angadzafe. Ndinavomera kuti ndinali ndisanayambe. Anati ndidule foni ndikachite zimenezo kaye, ndipo ndinakachitadi masana omwewo.